MADZI OUNDANA AKUSUNGUNUKA, MAIKO AKUNOLA MIKONDO

Pa 1 Okutobala 2025, ku Castel Gandolfo kufupi ndi Roma, kunali msonkhano wokumbukira zaka khumi za kalata ya Papa Francis yochedwa Laudato Si'. Pamsonkhanopo anthu anaika patsogolo pa Papa Leo XIV cimwala ca madzi oundana cocokera ku cisumbu ca Greenland, cimene akuti cinaundana zaka 20,000 zapitazo. Cimwalaco cinali kudontha pang'onopang'ono anthu onse akuona. Papa anasanjika dzanja lake pamwamba pake nacidalitsa. Panali ena amene anaseka ataona zithunzi zake, namafunsana ngati Eklezia wasowa zocita.

Ife kuno ku Zambia tingathenso kufunsa cimodzimodzi. Dziko lathu liribe nyanja yamcere. Madzi oundana amene tiwadziwa ndi aja a m'firiji, kapena matalala amene amaboola masamba a fodya ndi cimanga. Nanga za kumalekezero a dziko zitikhudza bwanji? Yankho lake nlakuti nkhaniyi ndi ya mtendere. Papa Yohane Paulo II anaziona kale zimenezi. Mu uthenga wake wa Tsiku la Mtendere, pa 1 Janyuwale 1990, anacenjeza kuti mtendere wa pa dziko lapansi suopsezedwa ndi mpikisano wa zida ndi cisalungamo zokha, komanso ndi kusalemekeza cilengedwe. Nthawi imeneyo mau awa anamveka ngati a munthu woyang'ana kutali kwambiri. Lero asilikali ali kale pamalo pamene madzi oundana acokapo.

Mitundu iwiri ya madzi oundana

Kumpoto kweni-kweni kwa dziko lapansi kuli nyanja yochedwa Arctic, imene pamwamba pake mpoundana. Kum'mwera kweni-kweni kuli dziko lalikulu la Antarctica, lokwiririka ndi madzi oundana. Greenland nayo, ngakhale ili kumpoto, ndi mtunda wokwiririka ndi cimtengatenga ca madzi oundana cimene pamalo ena ncocindikala makilomita atatu. Tiyenera kusiyanitsa mitundu iwiriyi, oyandama panyanja ndi okhala pamtunda, pakuti uliwonse uli ndi bvuto lake.

Oyandama panyanja ya Arctic amakula m'nyengo yozizira nacepa m'nyengo yotentha, ndipo amacepetsetsa mu Seputembala. Akatswiri akhala akuwayeza ndi makina ozungulira m'mlengalenga kuyambira 1979. M'zaka za 1979 mpaka 2000, mu Seputembala ankatsala pa malo a masikweya kilomita pafupifupi 6.7 miliyoni. Mu Seputembala 2012 anatsala pa 3.4 miliyoni cabe. Malo amene anabvundukuka ndi aakulu kuposa maiko anayi a msinkhu wa Zambia. Cifukwa cake sicobvuta kucimva. Yense amene anabvalapo malaya akuda m'mwezi wa Okutobala adziwa kuti cakuda cimamwa dzuwa, coyera cimalibweza. Madzi oundana ndi oyera mbee, nyanja ndi yakuda. Akasungunuka pang'ono, nyanja imamwa kutentha kocuruka, nisungunula enanso. Motero cigawo ca Arctic catentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse lapansi kuyambira 1979. Gwero la kutentha konseku ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi, ndiponso kutha kwa nkhalango. Caka ca 2024 cinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake zimene zinalembedwa m'mabuku.

Madzi oyandamawa akasungunuka sadzazitsa nyanja kweni-kweni, monga momwe kacidutswa ka aisi sikasefukiritsa kapu kakasungunuka. Cimene amacita ndico kutsegula khomo limene linali lotseka. Okhala pamtunda ndiwo amadzazitsa nyanja, pakuti ndi madzi atsopano othiridwamo. Greenland yokha imataya matani pafupifupi 270 biliyoni pa caka. Onse a ku Greenland atasungunuka, nyanja za dziko lonse zingakwere mamita 7. A ku Antarctica, mamita oposa 50. Zimenezo zingatenge mazana kapena zikwi za zaka, ndipo sitifuna kuopseza munthu. Koma kuyambira 1900 nyanja zakwera kale masentimita 20, ndipo liwiro lake likukulirakulira.

Khomo likatseguka, olowa acuruka

Pa 2 Ogasiti 2007, tizombo tiwiri ta ku Russia toyenda pansi pa madzi tinamira makilomita oposa anayi pakati peni-peni pa nyanja ya Arctic. Gululo, lotsogozedwa ndi Artur Chilingarov, linazika mbendera ya Russia yacitsulo pansi pa nyanjayo. Nduna yoona za kunja ya ku Canada, Peter MacKay, inanyoza mcitidwewo, niti nthawi yoyenda ndi mbendera nkumalanda maiko inatha kale. Komabe Canada yemweyo, pamodzi ndi Denmark, anapereka zikalata zao ku United Nations, Denmark mu 2014 ndi Canada mu 2019, kunena kuti mtandadza wa mapiri a pansi pa nyanja wochedwa Lomonosov ndi mbali ya mtunda wao. Russia nayenso akuti ngwake. Maiko atatu akulimbirana phiri limene palibe munthu analipondapo.

Cimene acifuna sicobisika. Mu 2008 bungwe la boma la America lofufuza za miyala linayerekeza kuti mwa mafuta onse amene sanapezekebe pa dziko lapansi, 13 pa 100 alionse ali ku Arctic, ndipo mwa gasi, 30 pa 100. Apa mpamene pali cinthu comvetsa cisoni. Mafuta ndiwo asungunula madzi oundana, ndipo kusungunukako kwatsegula njira yokakumbira mafuta ena. Wodwala akufunafuna mtsuko wina wa cakumwa comwe camudwalitsa.

Caciwiri ndi njira. Combo cocokera ku Rotterdam kupita ku Japan cimadzera ku ngalande ya Suez ku Egypt. Cikadzera kumpoto, m'mbali mwa gombe la Russia, ulendowo umafupika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo. Mu 2017 combo conyamula gasi ca Christophe de Margerie cinacoka ku Norway kufika ku South Korea m'masiku 19, popanda combo cina cophwanya madzi oundana patsogolo pake. Ndipo pamene combo cimodzi cokha, Ever Given, cinapingasa mu ngalande ya Suez mu Malichi 2021 nicitseka njira masiku asanu ndi limodzi, amalonda onse anakumbukira ubwino wokhala ndi njira yaciwiri. Ife a dziko lopanda gombe tidziwa bwino kuti mwini njira ndiye mwini mphamvu. Ncifukwa cake tinamanga njanji ya TAZARA pamene njira ya kum'mwera inali m'manja mwa Ian Smith. Russia akuti njira ya kumpotoyo ili m'manja mwake ndipo odutsa ayenera kupempha cilolezo. America akana. Russia ali ndi zombo zophwanya madzi oundana pafupifupi 40, ndipo ndi yekha amene ali ndi zoyendera mphamvu ya nyukiliya. China, amene ali kutali ndi Arctic, analengeza mu 2018 kuti nayenso ndi mnansi wa cigawoco.

Kumene kuli cuma ndi njira, mfuti sizicedwa kufika. Russia watsegulanso misasa ya asilikali imene inasiyidwa boma la Soviet Union litagwa, monga wa Nagurskoye pa zisumbu za Franz Josef Land. Pa ndomo ya Kola, kufupi ndi Norway ndi Finland, mpamene pamakoceza zombo zake zoyenda pansi pa madzi zonyamula mabomba a nyukiliya. Tikayang'ana pa mpira wa dziko lapansi, tiona kuti njira yaifupi ya mzinga wocokera ku Russia kupita ku America imadzera pamwamba pa Arctic.

Kwa zaka zambiri cigawoci cinali citsanzo ca kumvana. Mu 1996, ku Ottawa, maiko asanu ndi atatu a kumeneko anakhazikitsa bwalo la Arctic Council, ndipo anapatsa mipando mitundu ya anthu a komweko monga a Inuit ndi a Sami. Mu 2010 Norway ndi Russia anathetsa mkangano wa malire a m'nyanja ya Barents umene unatha zaka makumi anayi. Koma mu Malichi 2022, Russia atathira nkhondo Ukraine, maiko ena asanu ndi awiri anaimitsa misonkhano yao ndi iye. Finland analowa m'gulu lankhondo la NATO mu 2023, Sweden mu 2024. Tinene poyera kuti nkhondo ya ku Ukraine ndiyo inacititsa zimenezi, osati madzi oundana. Koma zotsatira zake nzakuti mwa maiko asanu ndi atatu aja, asanu ndi awiri ali mbali imodzi ndipo Russia ali yekha mbali ina, pa nthawi imene linga lacilengedwe limene linkawalekanitsa likugumuka.

Anthu 57,000 pakati pa njobvu

Palibe amene akumva kulemera kwa zonsezi kuposa anthu a ku Greenland. Cisumbu cao ncacikulu pafupifupi katatu kuposa Zambia, koma anthu ake ndi 57,000 cabe, ambiri a mtundu wa Inuit, asodzi ndi alenje. Ali pansi pa ufumu wa Denmark, ngakhale kuti kuyambira 2009 amadzilamulira pa zambiri ndipo lamulo liwalola kudziimira paokha akafuna. Pansi pa nthaka yao pali miyala yosowa imene imafunika popanga mafoni, magalimoto amagetsi ndi zida zankhondo. Ife ana a dziko la mkuwa sitifunika kuuzidwa momwe alendo amamwetulira akamva kuti pansi pa munda wako pali cuma.

America anayamba kale kucikhumbira cisumbuci. Mu 1946 boma la Harry Truman linafuna kucigula ndi madola 100 miliyoni, Denmark nakana. Mu 1951 maiko awiriwo anapangana za msasa wa asilikali wa Thule, umene tsopano uchedwa Pituffik, ndipo mu 1953 mabanja a Inuit okhala pamenepo anasamutsidwa mokakamiza kupita ku Qaanaaq, makilomita oposa 100 kumpoto. Mu 2019 Pulezidenti Donald Trump ananena kuti afuna kugula Greenland, ndipo nduna yaikulu ya Denmark, Mette Frederiksen, inayankha kuti cisumbuco sicili pamalonda. Atabwereranso pampando mu 2025, Trump anabwereza mau ake mwamphamvu, nati America afunika Greenland cifukwa ca citetezo cake. Dziko lonse linadabwa kuona maiko awiri a gulu limodzi la NATO akukokana pa malo. Atsogoleri a Greenland anayankha kuti dzikolo ndi la eni ake. Makolo athu anati njobvu zikamamenyana wobvutika ndi udzu. Kuno udzuwo uli ndi maina, ana ndi manda a makolo.

Kumene madziwo akupita

Tsopano titsate madzi aja osungunuka pamtunda. Sakhala kumpoto. Amafalikira m'nyanja zonse, nafika pakhomo pa anthu amene sanaonepo Greenland.

Tuvalu ndi kadziko ka tizisumbu ta m'nyanja ya Pacific, ka anthu pafupifupi 11,000. Malo ake okwera koposa safika mamita 5. Nyanja ikadzala, madzi amcere amatumphuka pansi m'minda ndi m'zitsime. Mu 2021 nduna yake yoona za kunja, Simon Kofe, inalankhula ku msonkhano wa maiko wa zanyengo itaimirira m'madzi ofika m'maondo, itabvala suti. Mu Novembala 2023 Tuvalu anasaina pangano ndi Australia lochedwa Falepili, lolola anthu 280 pa caka kusamukira ku Australia. Kalembera woyamba atatsegulidwa mu 2025, analembetsa anthu oposa 8,000. M'pangano lomwelo muli mfundo yakuti Tuvalu asapangane za citetezo ndi dziko lina lililonse popanda kumvana ndi Australia. Amene amatsatira ndale za m'cigawoco aona kuti mfundoyi inalembedwa maso ali pa China. Munthu amene nyumba yake ikumira sakhala ndi mphamvu yokambirana mtengo wa bwato. Kiribati, mnansi wake, anagula malo a masikweya kilomita 20 ku Fiji mu 2014.

Apa pabuka mafunso amene malamulo a maiko sanawakonzekere. Dziko likamira, kodi likhalabe dziko? Nanga nyanja yake yosodzamo, makilomita 370 kucokera pagombe monga mwa pangano la 1982, idzakhala ya yani? Mu Julaye 2025 khoti lalikulu la maiko ku The Hague, poyankha funso limene linayambitsidwa ndi Vanuatu, linapereka maganizo akuti dziko silileka kukhala dziko cabe cifukwa mtunda wake wamira. Ndi mau otonthoza, koma saumitsa munda.

Tizisumbu timeneti tili ndi anthu ocepa. Cimene cimasowetsa tulo akulu-akulu a zacitetezo ndi zigwa za m'mbali mwa nyanja kumene anthu adzazana: Bangladesh, mathiriro a mtsinje wa Nile ku Egypt ndi mzinda wa Alexandria, mathiriro a Mekong ku Vietnam kumene kumacokera mpunga wambiri, ndi Lagos ku Nigeria. Mu Febuluwale 2023 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anauza bwalo la zacitetezo la bungwelo kuti anthu pafupifupi 900 miliyoni akhala m'malo otsika otere. Masentimita 20 angaoneke ocepa, koma namondwe akabwera, mafunde ake amayambira pamwamba pa masentimita amenewo. Anansi athu a ku Beira, doko limene katundu wathu wina amadzera, anaziona mu Malichi 2019 pamene namondwe Idai anaphwasula mzindawo ndi kupha anthu oposa 1,000 mu Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi.

Anthu otere akathawa, apita kuti? Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inayerekeza mu 2021 kuti zinthu zikapanda kusintha, pofika 2050 anthu okwana 216 miliyoni angasamuke m'kati mwa maiko ao cifukwa ca nyengo, ndipo 86 miliyoni mwa iwo ndi a mu Africa kum'mwera kwa cipululu ca Sahara. Zambia adziwa kulandira alendo a tsoka. Tili ndi Mayukwayukwa, Meheba ndi Mantapala, ndipo akulu-akulu a ku Petauke akumbukira abale athu a ku Mozambique amene anakhala ku Ukwimi. Koma onsewo anathawa nkhondo, ndipo nkhondo ikatha munthu amabwerera kwao. Wothawa nyanja alibe kobwerera. Ndiponso pangano la maiko la 1951 loteteza othawa kwao silimuwerengera, pakuti palibe boma kapena msilikali amene akumulondola.

Kodi nyengo imayambitsa nkhondo?

Pano tiyenera kusamala. Kutentha sikuombera mfuti. Nkhondo amayambitsa ndi anthu, cifukwa ca umbombo, tsankho ndi ulamuliro woipa, ndipo mtsogoleri woipa amakondwa akapeza mpata wonamizira mitambo. Cimene nyengo imacita ndico kuumitsa udzu, kotero kuti kambaliwali kakang'ono kayatsa chire lonse. Ife tomwe tili ndi umboni wa momwe njala imagwedezera dziko. Zipolowe za ku Copperbelt mu Disembala 1986 ndi za mu Lusaka mu Juni 1990 zinayamba ndi mtengo wa ufa, ndipo zaciwirizo zinatsatidwa ndi kuyesa kulanda boma. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaononga mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga, ndipo Kariba ataphwa, mabanja ena ankakhala opanda magetsi maola oposa 20 pa tsiku. Cilalaco cinabwera ndi El Niño, amene ndi mlendo wakale, koma mpweya wotentha umene ukusungunula Greenland ndi womwewo umene umaumitsa msanga nthaka yathu. Tinapirira mwamtendere, ndipo tiyamika Mulungu. Si maiko onse amene ali ndi mwai wotere. Kuzungulira nyanja ya Chad, kumene asodzi, alimi ndi abusa a ziweto amalimbirana madzi ndi msipu, zigawenga za Boko Haram zapeza anyamata ambiri osowa pogwira.

Ncifukwa cake dziko la Niger, limene lili m'mbali mwa nyanjayo, linagwirizana ndi Ireland kubweretsa cigamulo ku bwalo la zacitetezo la United Nations cofuna kuti kusintha kwa nyengo kuziwerengedwa pakati pa zinthu zoopseza mtendere. Bwaloli linakambapo nkhaniyi koyamba mu Epulo 2007. Pa 13 Disembala 2021 mamembala 12 mwa 15 anabvomereza, China anakhala cete, India anakana, ndipo Russia anagwiritsa nchito mphamvu yake yoletsa. Cigamuloco cinafera pomwepo. Okanawo anati nkhani ya nyengo ili ndi mabwalo ake, ndipo ikalowa m'bwalo la zacitetezo idzapatsa maiko amphamvu cifukwa cina colowerera m'zocitika za maiko ofooka. Mantha amenewo si opanda pake. Koma sitingalephere kuona kuti amene analetsa ndi yemwe ali ndi gombe lalitali koposa pa nyanja imene ikutsegukayo.

Ndalama nazo zimaulula mtima. Mu 2024 maiko onse pamodzi anaononga madola oposa 2,700 biliyoni pa zankhondo. M'caka comweco, ku msonkhano wa zanyengo ku Baku, maiko olemera atakokanakokana mpaka usiku analonjeza madola 300 biliyoni pa caka pofika 2035, othandizira maiko onse osauka kulimbana ndi kusintha kwa nyengo. Africa yense amatulutsa utsi wosafika 4 pa 100 alionse a utsi wa dziko lapansi. M'kalata yake ya Laudate Deum ya pa 4 Okutobala 2023, Papa Francis anadandaula kuti mabungwe a maiko ndi ofooka ndipo malonjezo sakwaniritsidwa.

Phunziro la kum'mwera

Kumalekezero ena a dziko zinthu zinayenda mosiyana. Antarctica nayo inali ndi oilimbirana: maiko asanu ndi awiri anali atadzigawira zigawo pamapu, ndipo zigawo za Britain, Argentina ndi Chile zinali zolowana. Komabe mu 1959, pakati pa udani woopsa wa America ndi Soviet Union, maiko khumi ndi awiri, kuphatikizapo awiri omwewo, anasaina pangano ku Washington. Anagwirizana kuika pambali mikangano ya malire, kuletsa misasa ya nkhondo ndi kuyesa mabomba, ndi kulola aliyense kuyendera malo a mnzake kuti aone ngati sakubisa kanthu. Mu 1991, ku Madrid, anaonjeza lamulo loletsa kukumba miyala ndi mafuta.

Kunali kosabvuta kulonjeza kusakhudza cuma cimene panalibe wotha kucifikira, ndiponso ku Antarctica kulibe midzi kapena maboma monga kulili ku Arctic. Komabe panganolo lagwira nchito zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo palibe nkhondo imene yamenyedwako. Lamulo la ku Madrid liribe tsiku lothera, koma kuyambira 2048 dziko lililonse la m'bwalo la panganolo lingathe kupempha msonkhano woliunikanso. Mwana amene anabatizidwa m'parishi mwathu mu 2025 adzakhala ndi zaka 23 pa nthawiyo.